Mlandu wa Jovinian: Kodi Mkhristu Wapabanja Ndi Wotsalira?

M'chaka cha 393, bwana wina wa m'nyumba ya malamulo ya ku Roma, dzina lake Pammachius, adali kalikiliki kusonkhanitsa makope a buku limene mnzake wapamtima adali atangolemba kumene. Sankawasonkhanitsa kuti awagawe ayi, ankafuna kuwachotsa m'manja mwa anthu. Wolemba bukulo adali Jerome, katswiri wa Malemba amene ankakhala ku Betelehemu, yemwe Pammachius adaphunzira naye limodzi ali anyamata. Abale ena a ku Roma adamutumizira Jerome zolemba za mmonke wina wotchedwa Jovinian ndi pempho loti aziyankhe, ndipo iye sadachedwe: adatulutsa mabuku awiri athunthu m'Chilatini. Atafika ku Roma, owerenga adagwira pakamwa. Pofuna kukweza unamwali, Jerome adaunyoza ukwati mpaka ngakhale anthu amene ankamuda Jovinian adachita manyazi, kuphatikizapo Pammachius yemweyo, amene adali patsogolo polimbikira kuti mmonkeyo atsutsidwe.

Jerome atamva kuti mnzake akubisa bukulo adamuthokoza, koma adamuuza kuti wachedwa nazo poti makope adali atamwazika kale. Chimene adatha kuchita n'kulemba kalata yaitali yodziteteza, yonena kuti iye sadaletsepo ukwati.

Nanga Jovinian ameneyu adanena chiyani choutsa mkwiyo wotere?

Kumuweruza mwachilungamo n'kovuta chifukwa palibe buku lake ngakhale limodzi limene lidapulumuka. Pafupifupi zonse zimene zikudziwika za iye zidachokera kwa anthu anayi amene adamutsutsa: Jerome, Papa Siricius, Ambrose episkopi wa ku Milan, ndi Augustine wa ku Hippo. Zili ngati mlandu wa pabwalo la mfumu umene wodandaula walankhula yekha, kenaka n'kufotokozanso yekha zimene woimbidwa mlanduyo adanena. Mwayi wake ngwakuti Jerome adali ndi chizolowezi chokopera mfundo za mdani wake asadayambe kuziphwanya, motero msana wa chiphunzitsocho udatsala.

Jerome akuti poyamba Jovinian ankayenda wopanda nsapato, atavala mkanjo wakuda wokhakhala, akudya buledi ndi madzi basi. Pambuyo pake akuti adayamba kuvala zoyera zosalala, kupita kumalo osambirako a mumzinda, kukonzetsa tsitsi ndi kudya bwino mpaka masaya kutuluka. Adamupatsa dzina lachipongwe loti Epicurus wa Akhristu, pomufanizira ndi wanzeru wachigiriki amene ankatchuka ndi mbiri yophunzitsa zokondweretsa thupi. Koma pali chinthu chimodzi chimene adani akewo sadathe kuchibisa: Jovinian sadakwatire. Augustine adalemba kuti munthuyu adalibe mkazi ndipo sankamufuna n'komwe, osati poyembekezera mphotho yoposa ya anzake kwa Mulungu, koma pofuna kupewa zotangwanitsa za m'banja. Akadakhala kuti ankangofuna chilolezo cha chilakolako chake, bwenzi atayamba ndi kudzipezera mkazi.

Roma wa m'zaka za m'ma 380 adali mzinda umene Chikhristu chidali chitasintha nkhope. Mazunzo adatha mu 313, ndipo mu 380 mfumu Theodosius idalamula kuti anthu a mu ufumu wake atsate chikhulupiriro chimene episkopi wa ku Roma ankatsata. Matchalitchi adadzaza. Kale Mkhristu wolimba ankadziwika pofera chikhulupiriro. Tsopano ubatizo sunkaikanso moyo wa munthu pachiswe. Amene ankafuna kudzipereka kotheratu adaponya maso ku chipululu cha Egypt, kumene Antony adakhala moyo wodzimana mpaka imfa yake mu 356. Mbiri yake, yolembedwa ndi Athanasius, idamasuliridwa m'Chilatini n'kumawerengedwa m'nyumba za olemera. Pa phiri la Aventine, mayi wamasiye Marcella adasandutsa nyumba yake malo opemphereramo, osaliramo kudya ndi ophunziriramo Malemba. Jerome atafika ku Roma mu 382 n'kuyamba kuthandiza Papa Damasus pa ntchito za ulembi, adasanduka mphunzitsi wa amayi amenewa.

Mphunzitsiyu sankadziwa kubweza lilime. Mu 384 adalembera kalata mtsikana Eustochium, mwana wa mayi wina wolemera dzina lake Paula, yomulimbikitsa kusunga unamwali. M'kalatamo adati iye amautamanda ukwati chifukwa choti umabala anamwali. Adamulangiza mtsikanayo kuti asamayendere akazi apabanja, ndipo aphunzire kunyada kopatulika podziwa kuti amawaposa. Kwa mayi amene akudandaula kuti mwana wake sadzakwatiwa, Jerome adali ndi chitonthozo chodabwitsa: asalire, poti wasanduka mpongozi wa Mulungu.

Chaka chomwecho kudagwa maliro amene adautsa mzinda. Blesilla, mkulu wake wa Eustochium, adaferedwa mwamuna atangokhala naye miyezi isanu ndi iwiri. Atachira ku matenda a kutentha thupi, adalowa m'manja mwa Jerome n'kuyamba kusala kudya modzizunza. Pasadathe miyezi inayi adamwalira, ali ndi zaka pafupifupi 20. Pa maliro, Paula adakomoka, ndipo anthu adayamba kunong'onezana kuti mwanayo waphedwa ndi kusala kudya. Ena ankafunsa kuti amonke amenewa adzathamangitsidwa liti mumzinda, kugendedwa kapena kuponyedwa mumtsinje. Zimenezi sadalembe mdani wa Jerome. Adalemba yekha m'kalata yodzudzula Paula kuti akulira mopitiriza muyeso. Damasus atamwalira mu December 384, Jerome adasowa womutchinjiriza, ndipo mu 385 adachoka ku Roma osadzabwereranso.

Mu mzinda wotere ndi momwe Jovinian adayamba kuphunzitsa. Mfundo yake yoyamba, imene idapsereza anthu kwambiri, idali yakuti namwali, mkazi wamasiye ndi mkazi wapabanja, akasambitsidwa mwa Khristu, ali chimodzimodzi pamaso pa Mulungu ngati sakusiyana pa ntchito zina. Adatinso munthu wobadwanso mu ubatizo ndi chikhulupiriro chathunthu sangagwetsedwe ndi Satana. Kuti palibe kusiyana pakati pa kusala chakudya ndi kuchidya moyamika. Ndiponso kuti onse amene asunga ubatizo wawo adzalandira mphotho imodzi mu ufumu wakumwamba.

Wowerenga mwachifatse aona kuti pa mfundo zinayizi, zitatu zikukamba za ubatizo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Jovinian sankalimbana ndi umbeta kapena kusala kudya pakokha. Chimene ankakana n'chakuti zinthu zimenezi zigawe Akhristu m'magulu, ena apamwamba ena apansi, pamene onse adalowa m'madzi amodzi. Kwa iye, chiyero si katundu amene munthu amasonkhanitsa ndi mimba yopanda kanthu kapena bedi lopanda mnzake. Ndi Khristu amene amakhala mwa wobatizidwa, ndipo Khristu sakhala wathunthu mwa wina n'kukhala theka mwa wina. Maina aulemu amene alaliki ankapatsa anamwali opatulika okha, monga mkwatibwi wa Khristu ndi kachisi wa Mulungu, iye adati ndi a Mpingo wonse. Mayi amene wabereka ana asanu ndi mkwatibwi wa Khristu monganso mtsikana amene episkopi wamuveka nsalu ya kumutu.

Umboni wake adautenga m'Baibulo, ndipo udali wambiri. Adayamba ndi dalitso la kubalana la m'buku la Genesis, n'kudutsa mwa makolo onse amene adali apabanja: Nowa, Abrahamu, Isake, Yakobo, Mose, Davide, mpaka Zekariya ndi Elizabeti, ndi Petro amene adali ndi apongozi. Adakumbutsa anthu kuti Yesu adapita ku ukwati wa ku Kana, ndipo adani ake ankamunena kuti ndi wadyera ndi wakumwa vinyo. Adatchula chenjezo la m'kalata yoyamba yopita kwa Timoteo lonena za aphunzitsi oletsa ukwati ndi zakudya zimene Mulungu adalenga. Pa za chakudyazo adafunsa funso la munthu wamba: nanga nkhumba idalengedwera chiyani ngati si kudyedwa? Pa za mphotho adatenga fanizo la antchito a m'munda wamphesa, amene adalandira ndalama yofanana ngakhale ena adayamba m'mawa ena madzulo, ndi la nkhosa ndi mbuzi, mmene magulu ali awiri okha, kumanja ndi kumanzere. Ofera chikhulupiriro nawonso, adatero iye, wina adatenthedwa, wina adadulidwa mutu, wina adafera m'ndende, koma chisoti chachifumu n'chimodzi.

Anthu adamumvera. Augustine akuti Jovinian ankafunsa anamwali opatulika ngati akudziyesa oposa Sara, Suzana kapena Ana, ndipo ena mwa iwo, ngakhale achikulire ndithu, adasiya lonjezo lawo n'kukwatiwa. Jerome yemwe adavomereza mokwiya kuti munthuyu adali ndi omutsatira ambiri, kuti olemekezeka ankamupatukira mumsewu ndipo olemera ankamupsompsona pamutu. Sizodabwitsa. M'mabanja akuluakulu a ku Roma, mwana wamkazi wokana ukwati kapena wamasiye wogawa chuma kwa amonke adali chiopsezo ku dzina ndi minda ya banja lonse. Ena mwa amene ankamuombera m'manja Jovinian ankaganiza za cholowa, osati za ubatizo.

Yankho la Jerome lidali ndi nzeru komanso ululu. Adatenga fanizo la wofesa mbewu, mmene nthaka yabwino idabala zipatso 30, 60 ndi 100, n'kunena kuti 30 ndi apabanja, 60 ndi amasiye, 100 ndi anamwali. Pofuna kutsimikiza, adagwiritsa ntchito njira imene Aroma ankawerengera ndi zala. Posonyeza 30, munthu ankakhudzitsa nsonga ya chala chachikulu ndi ya chala cholozera mofatsa, ngati zikupsompsonana: ameneyo ndi mwamuna ndi mkazi wake. Posonyeza 60, chala chachikulu chinkapanikizidwa pansi pa chinzake: ameneyo ndi wamasiye m'masautso ake. Pofika pa 100, kuwerenga kunkachoka kudzanja lamanzere kupita kulamanja, zala n'kupanga mkombero: chimenecho ndi chisoti cha namwali.

Mpaka apa Aroma akadapirira. Koma iye adapitiriza. Poona kuti Paulo adati ndi bwino mwamuna osakhudza mkazi, Jerome adati ndiye kuti kumukhudza n'koipa, pakuti chotsutsana ndi chabwino ndi choipa basi. Ukwati umaloledwa pongoopa choipa chachikulu. Adati pa tsiku lachiwiri la chilengedwe Malemba a Chihebri sanena kuti Mulungu adaona kuti zili bwino, chizindikiro chakuti nambala 2, imene imaimira ukwati, si yabwino. Adaonjeza kuti nyama zimene zidalowa ziwiriziwiri m'chingalawa cha Nowa zidali zodetsedwa. Kenaka adakopera ndime yaitali imene adati ndi ya Theophrastus, wanzeru wachigiriki, yondandalika mavuto a kukhala ndi mkazi: kulongolola usiku wonse, kufuna zovala ndi ndolo, nsanje yosatha. Poteteza kusala nyama adabwereka zambiri kwa Porphyry, wanzeru wachikunja amene adalembapo mabuku otsutsa Chikhristu, osamutchula dzina. Mwamuna wapabanja wowerenga zimenezi, ngakhale adali wokonda amonke chotani, ankaona kuti mayi a ana ake atukwanidwa.

Chikhalirecho, si zonse za Jerome zimene zidali chipongwe. Adafunsa funso limene Jovinian sakadalilumpha: ngati mphotho ili imodzi, namwali apirirenji, wamasiye avutikirenji? Adatchula malo ambiri okhalamo a m'nyumba ya Atate, nyenyezi zosiyana kuwala za m'kalata yopita kwa Akorinto, ndi kapolo amene adapatsidwa mizinda khumi pamene mnzake adapatsidwa isanu. Jovinian adali ndi mayankho ake. Malo ambiriwo, adati, ndi mipingo yomwazika pa dziko lonse imene ili Mpingo umodzi. Ndipo wolungama sagwira ntchito kuti alandire zochuluka, koma kuti asataye chimene walandira kale.

Yankho lomalizali ndi lakuya kuposa mmene adani ake adalionera. Likukana maganizo akuti munthu amachita zabwino pokhapokha ngati akudziwa kuti adzaposa mnzake. Mkhristu amene angaleke kupemphera atamva kuti mnansi wake adzalandira zofanana naye, ndiye kuti chimene ankafuna si Mulungu koma udindo. Antchito a m'fanizo lija amene adayamba m'mawa sadadandaule kuti alandira zochepa. Chidawawawa n'chakuti anzawo awafanana nawo.

Komabe chiphunzitso cha Jovinian chidali ndi mabala ake, ndipo womukonda asawabise. Paulo yemweyo amene adateteza ukwati adanenanso poyera, m'mutu 7 wa kalata yoyamba kwa Akorinto, kuti akadakonda anthu akhale monga iye, ndipo wosakwatira achita bwino koposa. Mfundo yakuti wobatizidwa moona sangagwetsedwe idamukakamiza kunena kuti amene wagwa adangobatizidwa ndi madzi, osati ndi Mzimu, monga Simoni wamatsenga uja. Jerome adangomukumbutsa za Petro ndi Davide, ndiponso kuti Akhristu amapempha chikhululukiro tsiku ndi tsiku m'Pemphero la Ambuye. Choopsa kwambiri n'chakuti magulu akakhala awiri okha, machimo nawonso amafanana: wonama ndi wakupha onse ali kumanzere. Munthu amene ankanenedwa kuti akufewetsa Chikhristu adali ndi chiphunzitso chouma kuposa cha omuneneza, chifukwa sichinkasiya malo a Mkhristu wofooka amene amagwa n'kudzukanso.

Mfundo ina yachisanu, imene Jerome sadaikhudze n'komwe m'mabuku ake awiri aja, ndi imene idakwiyitsa Ambrose. Jovinian ankavomereza kuti Maria adatenga pakati ali namwali. Chimene ankakana n'chakuti adaberekanso ali namwali m'thupi, ngati kuti mwanayo adatuluka osasiya chizindikiro. Pamenepa adasiyana ndi Helvidius, amene cha mu 383 ankati Maria adabereka ana ena ndi Yosefe. Nkhawa ya Jovinian idali ina: ngati Yesu sadabadwe monga abadwira mwana aliyense, ndiye kuti thupi lake lidali chithunzithunzi chabe, ndipo chimenecho ndi chiphunzitso cha otsatira a Mani, amene ankati thupi ndi kubereka nzochokera ku mdima. Kumutchula munthu kuti ndi wa Mani masiku amenewo sikudali kutukwana wamba. Boma lidali litaika malamulo okhwima olimbana ndi gululo, ndipo cha mu 385 episkopi wina wa ku Spain, Priscillian, wodziwika ndi moyo wodzimana, adadulidwa mutu ku Trier atamunenera za matsenga, adani ake akumutchulanso kuti ndi wa Mani. Jovinian ankaloza chala choopsa chotere kwa anthu amphamvu kwambiri mu Mpingo.

Chigamulo chidagwa pakati pa 390 ndi 393. Akhristu ena a m'mabanja olemekezeka adapita ndi zolemba zake kwa Papa Siricius, amene adasonkhanitsa ansembe a ku Roma n'kumudula mu Mpingo pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu: Auxentius, Genialis, Germinator, Felix, Plotinus, Martianus, Januarius ndi Ingeniosus. M'kalata yake, Siricius adati Mpingo sunyoza malonjezo a ukwati, poti ansembe amakhalapo powadalitsa, koma umapereka ulemu woposa kwa anamwali odzipereka kwa Mulungu. Odulidwawo adalowera ku Milan, koma kalata ya papa idawatsatira. Ambrose adaitana maepiskopi anzake a kumpoto kwa Italy, n'kutsimikiza chigamulocho. Poteteza unamwali wa Maria adatchula ulosi wa Yesaya wa namwali woima ndi kubala, ndi chipata chotseka cha m'buku la Ezekieli. Ndipo chala chija adachibweza: adati Jovinian ndi amene ali wa Mani.

Katswiri wa mbiri ya Mpingo David G. Hunter, m'buku lake la mu 2007 lonena za mkanganowu, adaonetsa kuti Siricius, Ambrose ndi Jerome sankateteza chinthu chimodzi. Siricius ndi amene mu 385 adalembera Himerius, episkopi wa ku Tarragona, kulamula kuti ansembe ndi madikoni, ngakhale apabanja, aleke kugona ndi akazi awo. Chiphunzitso chofananitsa ukwati ndi kudziletsa chinkagwedeza maziko a lamulolo. Ambrose, amene mlongo wake Marcellina adali namwali wopatulika, adamanga mbali yaikulu ya utumiki wake pa kuveka anamwali nsalu ya kumutu, ndipo Maria adali chitsanzo chawo. Jerome ankateteza ulemu wa mmonke wophunzira, amene ulamuliro wake sunkachokera pa mpando koma pa kudzimana. Aliyense adali ndi chimene akadataya. Zimenezi sizikutanthauza kuti ankanama pa chikhulupiriro chawo, koma zikufotokoza chifukwa chake anthu amene sankamwerana madzi, monga Siricius ndi Jerome, adapezeka mbali imodzi.

Kudulidwako sikudamutseke pakamwa Jovinian. Cha mu 396 Ambrose adalembera mpingo wa ku Vercelli kuwachenjeza za amonke awiri, Sarmatio ndi Barbatianus, amene adathawa m'nyumba ya amonke ku Milan n'kumalalikira zofanana ndi za Jovinian. Kenaka maepiskopi adakadandaula kwa mfumu Honorius kuti Jovinian akuchititsa misonkhano kunja kwa malinga a Roma. Lamulo la mfumuyo lidasungidwa m'buku la malamulo la Theodosius II, ndipo ndi lalifupi: munthuyu agwidwe, akwapulidwe ndi chikwapu cha nsonga za mtovu, n'kutumizidwa ku chilumba cha Boa, omutsatira amwazidwe ku zilumba zakutali, zotalikirana. Boa ndi chilumba chimene lero chimatchedwa Čiovo, pafupi ndi tauni ya Trogir ku Croatia. Bukulo limaika lamuloli m'chaka cha 412, koma akatswiri ambiri amati ndi la mu 398, chifukwa pofika 406 Jerome ankamunena Jovinian ngati munthu wakufa kale. Ngakhale pamenepo sadamuleke: adalemba kuti adafa akugeya pakati pa nyama ya nkhumba ndi ya mbalame zonona. Amene adalemba zimenezi adali ku Betelehemu, kutali ndi kumene mnzakeyo adafera, ndipo akaidi a pachilumba sadziwika ndi madyerero.

Amene adaumaliza bwino mkanganowu adali mwana wa mu Africa muno. Augustine adabadwira ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, ndipo nkhaniyi ankaidziwa ndi thupi lake lomwe. Adakhala wotsatira wa Mani kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi. Adakhalanso zaka zambiri ndi mkazi amene sadamange naye ukwati, mayi wa mwana wake Adeodatus, mpaka pamene mkaziyo adabwezedwa ku Africa kuchokera ku Milan. Cha mu 401 adalemba mabuku awiri, lina la ubwino wa ukwati, lina la unamwali wopatulika. Atakalamba adafotokoza chimene chidamuchititsa: anthu ankadzitama kuti Jovinian sangayankhidwe poutamanda ukwati koma poudzudzula basi. Sadamutchule Jerome, koma aliyense adadziwa amene ankanenedwa.

Augustine adakana zoti ukwati ndi choipa chaching'ono chololedwa poopa chachikulu. Adati ukwati ndi unamwali ndi zabwino ziwiri, china choposa chinzake, monga ntchito ya Marita ndi ya Mariya mlongo wake. Adatchula zabwino zitatu za ukwati, zimene zikuphunzitsidwabe kwa okonzekera ukwati mu Mpingo wa Katolika: ana, kukhulupirika, ndi mgwirizano wopatulika wosatha. Kenaka adachita chinthu chochenjera. Adavomereza kuti unamwali ndi mkhalidwe woposa, koma adakana kuti namwali aliyense amaposa wapabanja aliyense. Abrahamu wapabanja sachepa kwa mtumwi Yohane wosakwatira. Mkazi wapabanja womvera Mulungu aposa namwali wosamvera. Ndipo popeza kufera chikhulupiriro ndi mphatso yoposa unamwali, namwali adziwa bwanji kuti mayi amene akumuderera pansiyo sadakonzeke kale kufa pamene iye sadakonzeke? Chitsanzo chake chidali Crispina, mayi wapabanja wa ana amene adadulidwa mutu ku Theveste, kumpoto kwa Africa, mu 304. Makwerero a mphotho adawasiya chiimire, koma adalanda munthu aliyense ufulu wodziwa kuti iye ali pa sitepe iti. Pochita zimenezi adamupatsa Jovinian gawo lalikulu la zimene ankamenyera, uku akumutchulabe kuti ndi wampatuko.

Mlandu suola. Patapita zaka zoposa 1,000, Martin Luther adalemba buku lotsutsa malonjezo a amonke mu 1521, ndipo mu 1525 adakwatira Katharina von Bora, amene adali sisitere. Adani a Luther ndi anzake ankawanena kuti adzutsa Jovinian m'manda. Msonkhano wa ku Trent, mu November 1563, udatemberera aliyense wonena kuti kukhala mu unamwali kapena umbeta si kwabwino ndi kodala kuposa ukwati. Tchalitchi chimene wansembe wake sakwatira ndi chinzake cha kutsidya kwa msewu chimene abusa amakhala ndi mayi busa pakhomo, zonse zili mumzere wa mkangano umenewu. Mu 1964 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udaphunzitsa kuti Akhristu onse, a mkhalidwe uliwonse, aitanidwa ku chiyero chimodzi chathunthu, ngakhale udapitiriza kutamanda umbeta wodzipereka kwa Mulungu ngati mphatso yapadera.

Pa zoti wobatizidwa sangagwe ndi zoti machimo onse ndi ofanana, Jovinian adaphonya, ndipo mipingo yambiri, ya Katolika ndi ya Chipulotesitanti yomwe, siingamulandire lero. Pa zoti mphete ya ukwati kapena mbale ya nyama sizitsitsa Mkhristu pamaso pa Mulungu, adalondola, ndipo adanena zimenezi pa nthawi imene olemba otchuka kwambiri ankanena zosiyana. Chikwapu cha mtovu chija palibe angachiikire kumbuyo. Funso la mphotho imodzi kapena zosiyana ndi limene likadali lotseguka, ndipo limabuka paliponse pamene Akhristu ayamba kuwerengerana masiku osala kudya pofuna kudziwa wodzozedwa kwambiri. Owerenga amene ali ndi Baibulo pafupi atsegule Mateyu 13 ndi Mateyu 20, kenaka 1 Akorinto 7 ndi 1 Timoteo 4, awerenge mitu yonseyo osalumpha vesi, adziweruzire okha mlanduwu.